Kalata yotseguka kwa oyendetsa mzinda wa Blantyre: chotsani anthu m'njira ya napolo mvula isanabwerenso

Kwa Mfumu ya Mzinda ndi makhansala a Blantyre, Mkulu wa Khonsolo, Kamishonala wa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, nduna zoona za malo ndi zachilengedwe, komanso mafumu onse a m'munsi mwa mapiri a Soche, Ndirande, Bangwe, Mpingwe ndi Michiru.

Olemekezeka,

Ife amene tikulemba kalatayi ntchito yathu ndi kuyeza nthaka, kumanga misewu ndi ngalande, ndiponso kusamala nkhalango. Nkhani yathu ndi yoti imfa za ku Chilobwe ndi ku Manja mu Malichi 2023 sizinabwere ndi mvula yokha. Mvulayo inali yoopsa, palibe angatsutse. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi, mvula yomwe madera ambiri a dziko lino amailandira pa chaka chathunthu. Namondwe Freddy, amene anabweretsa mvulayo, anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Koma mvula sinasankhe malo ogona a anthu amenewa. Panali wina amene anagulitsa puloti pakamwa pa khwawa, wina amene anaika kalavati yaing'ono pamsewu, wina amene anaona nyumba zikukwera m'nkhalango ya boma n'kuyang'ana kumbali. Zimenezi ndi zochita za anthu, ndipo anthu angathe kuzikonza.

Napolo si mlendo kuno. Mu Disembala 1946 anatsika m'phiri la Zomba n'kukokolola milatho ndi nyumba m'tauni yomwe panthawiyo inali likulu la dziko. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linakhuthulira miyala ndi matope pa Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa, ndipo chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Makolo athu ankati napolo ndi chinjoka chogona pansi pa phiri, chimene chimasamuka mvula ikanyanya. Tisawaseke. M'chikhulupiriro chimenecho munali lamulo la kamangidwe, loti pamene napolo anadutsa samangapo nyumba, chifukwa madzi saiwala khwawa. Ife a masiku ano tili ndi mapu, makina oyezera ndi madigiri, koma lamulo laling'ono limenelo talitaya.

Tiloleni tifotokoze bwino mmene phiri limagumukira, chifukwa njira zambiri zimene zimanenedwa pamisonkhano zimaphonya pomwepa.

Mapiri a Blantyre ndi thanthwe lolimba lofundidwa ndi dothi lopyapyala, pena mita imodzi, pena awiri kapena atatu, losakanikirana ndi miyala yomwe inasweka kalekale. Mvula ikagwa, madzi amalowa m'dothi mpaka kufika pathanthwe. Pamenepo sangapitirire, ndiye amayamba kuyenda pakati pa dothi ndi mwala. Mvula ikakhala ya tsiku limodzi madziwo amatha kutuluka pang'onopang'ono m'akasupe. Ikakhala ya masiku atatu osalekeza, madzi amadzaza timipata tonse ta m'dothi n'kuyamba kulikankha kuchokera pansi, dothi n'kusiya kugwirana ndi thanthwe. Taganizirani thumba la chimanga lokhazikidwa pa lata lopendekeka: pouma limakhala, koma muthire madzi pansi pake, liseseleka lokha. N'chifukwa chake mwezi wa Malichi ndi woopsa kuposa Disembala. Pofika Malichi nthaka imakhala itamwa madzi miyezi itatu, ilibenso powasunga. Za ku Phalombe mu 1991 ndi za ku Soche mu 2023 zonse zinachitika mwezi umenewu.

Dothi lonyowa lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera pafupifupi matani awiri. Kachigawo ka phiri ka mamita 30 m'lifupi, 50 m'litali ndi mita imodzi ndi theka kuya kwake ndi matani 4,500, katundu wa malole 150 a matani 30. Zimenezo zikagwera m'khwawa zimasakanikirana ndi madzi n'kusanduka phala lolemera lomwe limanyamula miyala yaikulu ngati minibasi. Likamatsika limakumba khwawalo n'kumakula, ndipo limathamanga kuposa munthu. Limakaima pamene phiri layamba kusalala. Vuto lili pomwepo, chifukwa malo osalalawo ndi amene aliyense wofuna puloti amawasirira. Miyala ikuluikulu imene imapezeka yakhazikika pakati pa nyumba m'munsi mwa phiri, imene amayi amayanikapo zovala ndipo ana amaseweretsapo, yambiri sinabadwire pamenepo. Inabwera ndi napolo wakale, ndipo ndi umboni woti wina adzadutsanso.

Pa nkhani ya mitengo tinene zoona zake, ngakhale ena mwa ife ndi a zankhalango. Mizu imamanga dothi la pamwamba, mita imodzi kapena awiri, masamba amachepetsa mphamvu ya mvula, ndipo zinyalala za pansi pa mitengo zimachedwetsa madzi. Phiri lokhala ndi nkhalango siligumuka kawirikawiri poyerekeza ndi phiri lometedwa. Kutha kwa mitengo ya pa Ndirande m'zaka za m'ma 1990, kutha kwa ya pa Soche chifukwa cha makala, nkhuni, minda ndi kuphwanya miyala, ndi kudulidwa kwa mitengo ku Michiru, zonse zawonjezera ngozi. Koma mvula ya mtundu wa Freddy imagumula ngakhale malo a mitengo, monga zinaonekera m'phiri la Mulanje. Choncho aliyense wouza anthu a ku Chilobwe kuti akadzala mitengo agona mwamtendere m'khwawa akuwanamiza. Mitengo idzalidwe, koma nyumba zichoke m'njira.

Pali chinanso chimene sichitchulidwa kwenikweni, chomwe ndi kakumbidwe ka malo omangapo. Munthu akagula puloti pamalo otsetsereka amasema phiri kuti apeze posalala. Kuseri kwa nyumba kumatsala chipupa cha dothi choimirira njo, mamita awiri kapena atatu, chotalikirana ndi khoma la nyumba mwina phazi limodzi lokha. Dothi limene wakumbalo amalikhuthulira kutsogolo osalitsendera, n'kumangapo khonde kapena chipinda chochititsa lendi. Pamenepa wadula phazi la dothi la mnzake wa kumtunda, ndipo waunjika katundu pamutu pa mnzake wa kumunsi. Kenako amakumba chimbudzi, chomwe chimamwetsa nthaka madzi chaka chonse. Madzi a padenga, a kubafa ndi otsukira mbale onse amathera pansi pomwepo. Nyumba mazana angapo zikachita chimodzimodzi, phiri lonse limakhala lodulidwadulidwa ngati masitepe, sitepe iliyonse ikumwa madzi. Kuwonjezera apo, nyumba zambiri ndi za njerwa zomangira dothi, zopanda maziko a simenti otukula khoma pamwamba pa nthaka. Khoma lotere likaima m'madzi usiku umodzi dothi la pakati pa njerwa limasungunuka, ndipo limagwera anthu ali mtulo ngakhale phiri lisanagumuke.

Malamulo a kamangidwe pamalo otere ndi osavuta kuwalemba pa pepala limodzi m'Chichewa. Pamene nthaka ikukwera mita imodzi pa mamita awiri alionse oyenda chopingasa, pasamangidwe nyumba yogonamo. Kuyeza kwake kumangofuna chingwe, ndodo ziwiri ndi levulo ya mmisiri. Pamene ikukwera mita imodzi pa mamita atatu mpaka asanu, munthu amange pokhapokha mmisiri wa khonsolo ataona malowo. Chipupa cha dothi choposa mita imodzi ndi theka chisasiyidwe choimirira: achipendeketse kuti pa mita imodzi yokwera pakhale mita imodzi ndi theka yogona, kapena amange khoma la miyala lochitchinga. Khomalo likhale ndi timabowo totulutsa madzi pa mita iliyonse, ndi miyala ing'onoing'ono kuseri kwake. Khoma lopanda timabowo limasanduka damu, ndipo tsiku lomwe lidzagwe lidzagwa lonse nthawi imodzi. Nyumba italikirane ndi chipupa mtunda wofanana ndi kutalika kwa chipupacho. Dothi lothira litsenderedwe m'magawo a masentimita 15, osati kungolikhuthula. Kumtunda kwa puloti kukhale ngalande yowaka yolandira madzi n'kuwapititsa ku ngalande yaikulu. Boma linatulutsa kale malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba pambuyo pa zivomezi za ku Karonga za mu 2009, koma mmisiri womanga ku Manja kapena ku Bangwe sawadziwa, chifukwa palibe anamufikira nawo.

Tsopano za madzi ndi ngalande, pomwe pali kulakwa kwa ife amisiri ndi kwa inu olemba ntchito. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse. Denga la malata la mamita 10 mbali zonse likalandira mvula ya mamilimita 100 limatulutsa malita 10,000, ndowa 500 za malita 20, ndipo palibe dontho lolowa pansi pa dengalo. Tiyerekeze khwawa lolandira madzi kuchokera pa mahekitala 50, mvula ikugwa mamilimita 60 pa ola. Malowo akakhala nkhalango, madzi oyenda pamwamba amakhala pafupifupi magawo atatu mwa khumi, kutanthauza malita 2,500 pa sekondi. Akadzaza madenga, mabwalo osesedwa ndi tinjira tolimba, amafika magawo asanu ndi awiri mwa khumi, malita pafupifupi 5,800 pa sekondi. Kalavati ya paipi ya mamilimita 900 imadutsitsa malita pafupifupi 1,000 pa sekondi ikakhala yoyera. Ya mamilimita 600, yomwe makontilakitala amaikonda chifukwa chotchipa, siifika ngakhale theka la pamenepo. Makalavati ambiri a mumzinda uno anaikidwa pamene kumtunda kwake kunali mitengo, ndipo palibe anabwerera kudzawerengeranso nyumba zitadzaza.

Ndipo sakhala oyera. Mukasuzumira pakamwa pa kalavati iliyonse m'mwezi wa Novembala mupezamo mchenga wofika theka, mapesi a chimanga, majumbo, mabotolo, matewera, pena matiresi akutha. Mapepala apulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 analetsedwa mu 2015, koma nkhaniyo inakhala zaka zambiri ikuzungulira m'makhoti pamene majumbowo akudzaza mu Mudi, Naperi ndi Nasolo. Kalavati ikatsekeka, msewu umasanduka khoma la damu. Madzi amaunjikana kumtunda, kenako amadumpha msewu kapena kuudula, n'kutsikira pa nyumba za kumunsi ndi mphamvu yoposa imene akanakhala nayo pakanapanda msewuwo.

Chofunika apa ndi kaundula wa makalavati ndi milatho yonse ya mumzinda: kukula kwake, malo amene imalandirako madzi, ndi mmene ilili lero. Pa makwawa otsika m'phiri, mapaipi achotsedwe, paikidwe makalavati a bokosi kapena timilatho totseguka, chifukwa chodutsa pamenepo si madzi okha koma miyala ndi zitsa. Kumtunda kwake, mamita angapo, kuzikidwe zitsulo zokola zinyalala, zoti anthu angathe kufikapo ndi kuchotsa. Kuyeretsa kuthe pofika pa 31 Okutobala, kubwerezedwe mu Januwale ndi kumayambiriro kwa Malichi. Ndipo zofukulidwazo zinyamulidwe tsiku lomwelo kupita kumtaya wa zinyalala ku Mzedi. Chizolowezi chounjika mchenga ndi zinyalala m'mphepete mwa ngalande n'kuchoka ndi kutaya ndalama, chifukwa mvula yoyamba imazibwezera momwemo.

Za zigwembe tingonena mwachidule. Timadamu ta miyala yomangidwa m'mawaya timathandiza kugwira dothi, koma tisapitirire mita imodzi kutalika, tilowe m'mbali mwa chigwembe theka la mita, pakati pakhale potsikirapo kuti madzi adutsire pamenepo, ndipo kumunsi kwake kuyalidwe miyala. Ntchito iyambire kumutu kwa chigwembe kutsika. Timadamu tomangidwa mwachisawawa m'khwawa lalikulu timangopatsa napolo miyala ina yoti anyamule.

Funso lovuta ndi ili: anthuwa anafika bwanji pamwamba pa phiri? Soche ndi Ndirande ndi nkhalango zotetezedwa ndi lamulo. Pali lamulo la zankhalango la 1997 lomwe linakonzedwanso mu 2020, lamulo la mapulani a malo la 2016, lamulo la zachilengedwe la 2017, ndi lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023. Malamulo sakusowa. Chimene chimachitika n'choti munthu wochokera kumudzi, wogwira ganyu ku Limbe kapena ku Makata, sangapeze puloti yovomerezeka imene angakwanitse, ndiye amapita kwa amene akugulitsa motchipa, n'kulandira kapepala kosainidwa ndi mboni ziwiri. Khonsolo imati malowo ndi a zankhalango, a zankhalango amati kugwetsa nyumba ndi kwa khonsolo, a zamalo amati sanapereke lizi, ndipo chisankho chikayandikira aliyense amaopa kukhumudwitsa ovota. Nyumba ikafoleredwa, ikalowa magetsi ndi madzi, mwini wake amaona kuti boma lavomereza, ndipo sitingamudzudzule poganiza choncho.

Inu mafumu athu, tikukupemphani ndi ulemu wonse: dzina lanu lisapezekenso pa kapepala kogulitsa malo m'khwawa kapena kupitirira malire a nkhalango. Inu ndi amene munatsogolera maliro aja, mukudziwa mabanja amene anatha onse. Ndipo inu a boma, sankhani ofesi imodzi yoti iziyankha za phiri lililonse, mkulu wake adziwike ndi dzina. Malire a nkhalango aikidwe zipilala za simenti zooneka, zotalikirana mamita 50, zopakidwa utoto. Maziko atsopano akakumbidwa kupitirira chipilala aimitsidwe sabata yomweyo, asanafike pa windo. Kuletsa maziko kulibe misozi yambiri. Kugwetsa nyumba yomwe muli ana ndi kumene kumabweretsa ziletso za kukhoti ndi chidani. Opereka magetsi ndi madzi apatsidwe mapu a malo oletsedwa, ndipo asalumikize nyumba yatsopano m'malo amenewo.

Mapu amenewo si ntchito ya zaka zisanu. Zipsera za 2023 zikuonekabe pa Soche, ndipo zithunzi za m'mlengalenga za chaka chimenecho zilipo. Akatswiri a nthambi ya Geological Survey ku Zomba, a nthambi yoyeza malo, ndi aphunzitsi ndi ophunzira a m'sukulu za ukachenjede za MUBAS ndi MUST angathe kuyenda khwawa lililonse m'chilimwe chimodzi, akulemba kutsetsereka, kuya kwa dothi, akasupe, ming'alu ndi pamene miyala yakale inakaima. Pamapeto pake patuluke zigawo zitatu. Chofiira ndi khwawa lenileni, mamita osachepera 30 mbali zonse ziwiri, ndi pakamwa pake pamene phala limamwazikira: pamenepa pasagone munthu. Chachikasu ndi pomwe anthu angakhale atakonza ngalande ndi zipupa, koma azichoka chenjezo likaperekedwa. Chobiriwira ndi pokhazikika. Mapuwa asathere mu kompyuta ya ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre. Amatidwe pa sukulu, pa tchalitchi, pa mzikiti ndi pa msika, ndipo nyumba iliyonse ya m'chigawo chofiira ipakidwe chizindikiro pakhoma kuti ngakhale wobwera kudzafuna lendi adziwe chimene akulowa.

Pa chenjezo, a zanyengo anachita mbali yawo mu 2023. Ananena masiku angapo namondwe asanafike, ndipo sukulu zinatsekedwa m'maboma a kummwera. Koma uthenga umene tinazolowera, woti anthu asamukire kumtunda, unapangidwira anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene mdani ndi Shire ndi Ruo. Munthu wa ku Chilobwe ali kale kumtunda, ndipo akamva zimenezo amadziona wotetezeka. Iye afunika kuuzidwa zina: choka m'khwawa, yenda chopingasa phiri osati chotsika nalo, pita ku sukulu yakutiyakuti, ndipo upite kusanade. Matope a ku Soche anapeza anthu ambiri ali m'nyumba, mvula ikuwomba pa malata moti phokoso la phiri silikanamveka msanga.

Komiti ya zangozi ya wadi iliyonse ya m'mphepete mwa phiri ikhale ndi choyezera mvula chapulasitiki, chomwe mtengo wake ndi wochepa, choikidwa pa sukulu, ndi anthu awiri ochiwerenga m'mawa ndi madzulo. Poyambira, ife tikuti mvula ikafika mamilimita 100 pa tsiku limodzi, kapena 200 pa masiku atatu, m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, a m'chigawo chofiira ndi chachikasu akagone kwina. Manambalawa adzakonzedwe chaka ndi chaka malinga ndi zimene zoyezerazo zidzaonetse. Anthu aphunzitsidwenso kuwerenga phiri lawo. Mng'alu wopingasa ukaoneka pansi kumtunda kwa nyumba, akhome zikhomo ziwiri, china uku china uko, n'kumayeza ndi tepi. Ukakula sentimita imodzi pa tsiku, nthaka ikuyenda. Chitseko chomwe chimatsekeka bwino chikayamba kukana, mtengo kapena polo ya magetsi ikapendekeka, madzi akatumphuka pakati pa bwalo pomwe sipanakhalepo kasupe, kasupe woyera akasanduka wofiira ngati tiyi wamkaka, zonsezi ndi zizindikiro. Choopsa kwambiri ndi mtsinje kuphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe. Zikatero ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndi dothi logumuka, ndipo chotsekacho chikaphulika patsala mphindi zochepa. Pamenepo palibe kulongedza katundu.

Komitiyo ikhale ndi mawezulo, chimkuzamawu cha mabatire, matochi, ndi mndandanda wa okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera, aliyense ali ndi munthu womunyamula. Foni ndi wailesi zisadaliridwe zokha chifukwa magetsi amazima nthawi ngati imeneyo. Mu Okutobala aliyense ayeserere kusamuka kamodzi, madzulo, kuti njira idziwike ndi mapazi. Malo othawirako ayezedwenso, chifukwa sukulu ina ili m'njira ya madzi yomweyo, ndipo akhale ndi zimbudzi zokwanira ndi mankhwala a klorini. Freddy anatipeza tili pakati pa mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo kuunjika mabanja mazana pa zimbudzi zinayi ndi kuitana ngozi yachiwiri. Tisaiwalenso kuti ku Chilobwe anthu ankafukula abale awo ndi makasu, mafosholo ndi manja. Mzinda waukulu chonchi uyenera kukhala ndi mgwirizano wolembedwa ndi eni makina okumba, mvula isanayambe, wonena makina ati adzapita kuti ndipo mafuta adzalipira ndani.

Kusamutsa anthu ndiye ntchito yaikulu, ndipo imalephereka pa zifukwa zodziwika. Munthu amene amapeza chakudya poyenda pansi kupita ku Limbe kapena ku Ginnery Corner mukamupatsa malo akutali kopanda madzi, sukulu ndi minibasi, adzagulitsa malowo n'kubwerera. A ku Makhanga ku Nsanje akhala akuuzidwa za kusamuka kuyambira kalekale, makamaka madzi a mu Januwale 2015 atawazinga, koma dimba ndi nsomba zili komweko. M'tauni muli vuto linanso: ambiri okhala m'nyumba za m'khwawa ndi alendi. Thandizo likapita kwa mwini nyumba yekha, wa lendi amangosamukira m'khwawa lina lotchipa, ndipo mwini nyumba amakonza zipinda zake n'kulowetsamo anthu atsopano. Choncho kalembera alembe eni nyumba ndi alendi padera. Mapuloti atsopano akhale ndi msewu, ngalande ndi mpopi anthu asanafike, ndi pepala la umwini loletsa kugulitsa kwa zaka zingapo. Banja likachoka, nyumba yakaleyo igwetsedwe sabata yomweyo, njerwa ndi malata atenge eni ake, pamalopo padzalidwe nsungwi. Malo osiyidwa opanda kanthu amapeza mwini watsopano mwezi usanathe. Yambani ndi nyumba za m'makwawa amene anagumuka mu 2023, osati phiri lonse nthawi imodzi.

Kubwezeretsa nkhalango nako kusinthe kachitidwe. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala, timamva za mbande mamiliyoni, koma chiwerengero chofunika ndi cha mitengo yamoyo mu Okutobala wotsatira, itapulumuka moto, mbuzi ndi chilimwe. Ndalama zilipiridwe potengera chiwerengero chimenecho. Pa mapiri athu zitsa zambiri za mitengo yachilengedwe monga msuku, mombo ndi muwanga zikadali zamoyo pansi. Kuzitchinjiriza ku moto ndi nkhwangwa, n'kupatulira mphukira kuti patsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kumabweza nkhalango msanga ndiponso motchipa kuposa mbande za m'machubu, chifukwa mizu yake ndi yakale kale. Njira zotchinga moto zilambulidwe mu Meyi ndi Juni udzu usanaumitsitse. M'mphepete mwa mitsinje mudzalidwe nsungwi, mikuyu ndi katope. M'minda ya m'munsi mwa malire mukhale mizere ya vetiva yotsata akalozera, mbande zake zotalikirana masentimita 10 mpaka 15 kuti zilukane n'kukhala mpanda wosefa dothi. Ndipo malinga ngati mabanja ambiri a mumzinda uno akuphikira makala, alonda a nkhalango adzakhala akulimbana ndi msika umene sangaugonjetse, choncho mtengo wa gasi ndi kudalirika kwa magetsi ndi mbali ya nkhani yomweyi.

Dothi lochoka m'mapiri a kummwera kuno limakathera mu Shire, kumene limadzaza madamu a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi kuvutitsa mapampu a madzi a mzinda uno ku Walker's Ferry. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense akukumbukira kuzima kwa magetsi kwa nthawi imeneyo. Kafukufuku wa boma anapeza kuti Freddy yekha anawononga zinthu za ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America. Zipilala, zoyezera mvula, kaundula wa makalavati ndi mapu a zigawo zitatu, zonse pamodzi ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka ndalama imeneyo, koma zimasowa pa bajeti chifukwa ndalama za ngozi timazifuna maliro atachitika kale.

Tikupempha kuti khonsolo ndi DoDMA aitanitse msonkhano wapoyera ku Chilobwe komweko chilimwe chino chisanathe, pamaso pa mafumu ndi anthu a m'deralo, ndipo abwere ndi mayankho a mafunso awa: ndi nyumba zingati zomwe zili m'makwawa a Soche lero, zingati mwa izo zamangidwa kapena kukonzedwanso kuchokera mu Malichi 2023, anthu ake adzapita kuti, ndipo ndi ofesala uti amene adzaimbe wezulo usiku umene choyezera mvula chidzafike pa mamilimita 100. Ife tili okonzeka kuyenda nawo m'makwawamo ndi zingwe ndi malevulo athu tsiku limene mudzatiitane.

Ndife anu,

Amisiri a zomangamanga, oyeza nthaka ndi alangizi a zankhalango okhala mu mzinda wa Blantyre